Chuma cha anthu onse chitaikidwa pa msika

Pa 1 Julayi 1993, anthu okumba mumgodi wa Bischofferode, kamudzi ka m'chigawo cha Thuringia ku Germany, anayala zogonera m'chipinda chodyera cha pamgodipo n'kulengeza kuti sadyanso kanthu kufikira boma litasintha maganizo. Anayamba ochepa, koma posakhalitsa anafika cha m'ma 40. Mgodi wawo unkatulutsa mchere wa potashi umene amapangira feteleza. Mcherewo unali udakalimo wambiri pansi, ogula analipo, ndipo wamalonda wina anali atadzipereka kuti augule mgodiwo. Koma bungwe la boma limene linkagulitsa makampani a East Germany, dziko lakale la chikomyunizimu limene linagwirizana ndi West Germany mu 1990, linali litamvana kale zoti migodi ya potashi ya kum'mawa iphatikizidwe ndi kampani ya Kali und Salz ya ku Kassel, kumadzulo, yomwe inali m'manja mwa kampani yaikulu ya mankhwala ya BASF. Pa mgwirizanowo Bischofferode analibe malo. Anthu ananyala ndi njala kwa milungu yambiri dziko lonse likuonerera pa wailesi yakanema, ndipo pa 31 Disembala 1993 mgodi unatsekedwa, anthu pafupifupi 700 n'kubwerera kunyumba.

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva mkangano wa makampani a boma ukukambidwa ngati funso ndi limodzi lokha, lakuti boma ligulitse kapena lisagulitse. Ndikamawerenga zimene zinachitika m'mayiko amene anasiya chikomyunizimu kuyambira mu 1989, ndimaona kuti funso limenelo ndi laling'ono. Pafupifupi onse anagulitsa. Chimene chinawasiyanitsa n'chakuti pa tsiku logulitsa panali ndani woyang'anira kuti wogula asabe, wogulitsa asadzigulitsire yekha, ndiponso kuti munthu amene wagwira ntchito pafakitale zaka 30 asangotayidwa panja. Pamene woyang'anirayo panalibe, chuma chimene pa pepala chinali cha anthu onse chinathera m'matumba a anthu owerengeka.

Kuti timvetse ululu wa anthu a ku Bischofferode, tiyenera kudziwa chimene kampani ya boma inali m'mayiko amenewa. Ku East Germany fakitale sinali malo ongopitako m'mawa n'kukaweruka madzulo. M'mafakitale ambiri akuluakulu, mkaka wa ana ndi sukulu yamkaka zinali za fakitale. Chipatala chaching'ono chinali mkati mwa mpanda wa fakitale. Nyumba zambiri zinkaperekedwa kudzera kuntchito, timu ya mpira inali ya kampani, ngakhale malo okapumulirako m'mbali mwa nyanja ya Baltic pa tchuthi anali a kampani kapena a bungwe la ogwira ntchito. Amayi pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse anali pa ntchito kapena pa maphunziro, chifukwa malo osiyako ana analipo. Ndiye munthu wowerengetsera ndalama akafika n'kunena kuti fakitale iyi ikuluza, ankanena zoona, koma m'kuluzamo munali malipiro a namwino, a mphunzitsi wa ana ndi a wophika chakudya cha masana. Fakitale ikatsekedwa, zambiri mwa izi zinkatsekedwa nayo limodzi.

Sindikufuna kunamizira kuti zinthu zinali bwino. Makina ambiri anali okalamba. Munthu ankadikira zaka zoposa 10 kuti agule galimoto ya Trabant, kagalimoto kofuka utsi komwe sikanasinthe kwenikweni kuchokera m'ma 1960. Dera la Bitterfeld, kumene kunali mafakitale a mankhwala, linali limodzi mwa malo oipitsidwa kwambiri mu Ulaya yense. Mabwana ankabisa zipangizo n'kulemba antchito ochuluka kuposa ofunika, chifukwa chimene boma linkawafunsa chinali kukwanitsa chiwerengero cholembedwa m'pulani, osati kupanga chinthu choti munthu achikonde. Kusintha kunali kofunika, ndipo anthu eni ake anakufuna, n'chifukwa chake anadzaza misewu ya Leipzig mpaka khoma la Berlin linatseguka pa 9 Novembala 1989.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti bungwe logulitsa makampani lija, la Treuhandanstalt, linabadwa ndi cholinga china. Mu Febuluwale 1990, Wolfgang Ullmann, mmodzi mwa omenyera ufulu amene ankakhala nawo pa zokambirana ndi boma, anapereka ganizo loti pakhale bungwe losunga chuma cha dziko kuti chisalandidwe, ndipo nzika iliyonse ipatsidwe chikalata cha gawo lake. Boma la Hans Modrow linakhazikitsadi bungwelo pa 1 Malichi 1990. Koma chisankho cha pa 18 Malichi chinapambanidwa ndi zipani zofuna kugwirizana msanga ndi West Germany, ndipo lamulo latsopano la pa 17 Juni linatembenuza ntchito ya bungwelo kukhala yogulitsa. Za zikalata za nzika zija sizinachitikenso. M'manja mwa Treuhand munagwera makampani pafupifupi 8,500 okhala ndi antchito 4 miliyoni, kuphatikizapo minda, nkhalango, masitolo, mahotela ndi nyumba zoonetsera kanema.

Nkhonya yaikulu inabwera pa 1 Julayi 1990, tsiku limene ndalama ya kumadzulo, Deutsche Mark, inalowa kum'mawa. Malipiro anasinthidwa imodzi kwa imodzi. Kwa anthu wamba linali tsiku lachisangalalo, ndipo ndani angawadzudzule? Koma m'malonda akunja, maki imodzi ya kumadzulo inkawerengedwa ngati mamaki anayi ndi kanthu a kum'mawa. Kunangocha tsiku limodzi katundu wa mafakitale a kum'mawa atakwera mtengo pafupifupi kanayi pamaso pa ogula akunja. Chaka chotsatira misika yakale ya ku Soviet Union ndi mayiko anzake inagwa. Kuwonjezera apo, anthu a kum'mawa eni ake anasiya kugula zopangidwa kwawo, aliyense akufuna khofi, sopo ndi galimoto ya kumadzulo imene ankangoiona pa kanema. Zotuluka m'mafakitale zinatsika kupitirira theka. Treuhand inayamba kugulitsa makampani amene anali atakomoka kale.

Detlev Karsten Rohwedder, amene anatsogolera bungweli kuchokera mu 1990, anayerekeza kuti chuma chonsecho chingakwane mamaki 600 biliyoni. Iye anali atapulumutsapo kampani ya zitsulo ya Hoesch ku Dortmund, ndipo anthu ena amakhulupirira kuti akanakhala ndi moyo akanalimbikira kukonza makampani asanawagulitse. Pa 1 Epulo 1991 anaomberedwa ndi mfuti kudzera pa zenera la nyumba yake ku Düsseldorf, ndipo gulu la zigawenga la RAF linati ndi limene linachita. Birgit Breuel analowa m'malo mwake, liwiro logulitsa n'kuwonjezeka. Makampani ena anapita pa maki imodzi yokha, wogula atalonjeza kuti asunga antchito ndi kuikamo ndalama. Ena anasunga lonjezo. Ena anagula kuti apeze malo ndi nyumba, kapena kuti atseke wopikisana naye. Kampani yopanga sitima zapamadzi ya Bremer Vulkan inalandira ndalama zothandizira madoko a kum'mawa, koma mamaki oposa 800 miliyoni anakalowa ku ntchito zake za kumadzulo, ndipo mu 1996 inagwa.

Pamene Treuhand inkatseka zitseko pa 31 Disembala 1994, m'malo mwa phindu la 600 biliyoni lija inasiya ngongole ya mamaki oposa 250 biliyoni. Makampani pafupifupi 3,700 anali atathetsedwa. Mwa ntchito 4 miliyoni zija munatsala pafupifupi miliyoni imodzi ndi theka. Gawo lalikulu la makampani akuluakulu linagulidwa ndi anthu a kumadzulo, ena ndi akunja, ndipo a kum'mawa anangotolako pang'ono, chifukwa munthu amene wakhala zaka 40 m'dziko loletsa kudzikundikira chuma akanaitenga kuti ndalama yogulira fakitale? Achinyamata, makamaka atsikana ophunzira, anasamukira kumadzulo. Chiwerengero cha ana obadwa kum'mawa chinatsika ndi theka m'zaka zochepa chabe, chinthu chimene nthawi zambiri chimaoneka pa nkhondo pokha.

Zabwino zinalipo, ndipo n'kulakwa kuzibisa. Ku Zwickau, kumene Trabant yomaliza inatuluka pa 30 Epulo 1991, Volkswagen inamanga fakitale imene lero imapanga magalimoto amagetsi. Ku Jena ntchito ya magalasi ndi zipangizo zoyezera inapulumuka, ngakhale antchito masauzande ambiri anachotsedwa. Kampani ya vinyo ya Rotkäppchen ku Freyburg inagulidwa ndi mabwana ake omwe mu 1993 mothandizidwa ndi wamalonda wa kumadzulo, inakula mpaka kugula mayina otchuka a kumadzulo ngati Mumm. Komanso anthu ochotsedwa ntchito ku East Germany anali ndi mwayi umene anzawo a ku Russia kapena Bulgaria analibe: ndalama za ulova, penshoni ndi chithandizo cha chipatala zochokera ku dziko lolemera. Palibe anafa ndi njala. Komabe mukamva lero kuti m'zigawo za kum'mawa anthu ambiri sakhulupirira zipani zakale ndipo akuvotera AfD, chipani chotsutsa kulowa kwa alendo m'dzikolo, musaiwale zaka zinayi zimenezi. Anthu anaphunzira demokalase ndi ulova pa nthawi imodzi, ndipo anaona kuti zigamulo zokhudza moyo wawo zinkachokera kwa alendo ovala masuti amene sanawasankhe.

Mayiko ena analibe m'bale wolemera woti awagule, choncho anayesa njira ya makuponi. Ku Czechoslovakia, motsogozedwa ndi nduna ya zachuma Václav Klaus, munthu aliyense wamkulu ankatha kugula kabuku ka makuponi pa makoruna 1,000 n'kukasinthanitsa ndi masheya a makampani. Izi zinayamba mu 1992, ndipo pa pepala zinali zachilungamo kwambiri. Koma anthu ambiri sankadziwa kuti sheya n'chiyani. Mnyamata wina, Viktor Kožený, anatsegula thumba la ndalama lotchedwa Harvard n'kulonjeza kuti aliyense womupatsa makuponi ake adzalandira kuchulukitsa kakhumi pakatha chaka. Anthu mazanamazana a masauzande anam'khulupirira. Iye anasamukira ku Bahamas, ndipo khoti la ku Prague linadzamugamula kuti ndi wolakwa pa mlandu wachinyengo iye kulibe. Eni matumba enanso ankasamutsa katundu wabwino wa kampani kupita ku makampani awoawo n'kusiyira anthu wamba chikhungwa chokhachokha. Bungwe loyang'anira msika wa masheya linadzakhazikitsidwa mu 1998, zambiri zitapita kale. Pamene kampani ya magalimoto ya Škoda, imene boma silinaiike m'makuponi koma linasankha mosamala wogula, Volkswagen, mu 1991, ndi imene ikunyaditsa dzikolo mpaka lero.

Ku Russia zinafika poipa kwambiri. Kuyambira mu Okutobala 1992 nzika iliyonse inalandira kuponi yolembedwa marubo 10,000, ndipo Anatoly Chubais, amene ankayendetsa ntchitoyi, ananena kuti idzakwana kugula magalimoto awiri a Volga. Chaka chimenecho mitengo ya zinthu inakwera kuposa ka 20. Ife amene tinaonapo mlimi akugulitsa kuponi ya feteleza kwa venda mwezi wa Disembala chifukwa m'nyumba mulibe ufa, sitifunika kutiuza zimene zinachitika. Munthu wanjala sasunga pepala la mawa. Makuponi anathera kwa amene anali ndi ndalama m'manja komanso kwa mabwana a mafakitale, amene ankadziwa mtengo weniweni wa zimene ankayang'anira. Kenako mu 1995 boma la Boris Yeltsin, litasowa ndalama chisankho chili pafupi, linakongola kwa mabanki n'kupereka masheya a makampani a mafuta ndi zitsulo ngati chikole. Ngongoleyo silinabweze. Mabanki amene ankayendetsa malonda a chikolewo nthawi zambiri ndi omwewo amene ankapambana. Banki ya Vladimir Potanin inatenga gawo lolamulira la Norilsk Nickel pa madola pafupifupi 170 miliyoni, ndipo banki ya Mikhail Khodorkovsky inatenga kampani ya mafuta ya Yukos pa madola 300 miliyoni ndi kanthu, kampani imene patapita zaka zochepa inkawerengedwa m'mabiliyoni makumimakumi.

Chotsatira chake chimandiphunzitsa zambiri kuposa kuba kwenikweniko. Popeza anthu sanavomereze mumtima kuti ogulawo ndi eni chuma enieni, panalibe wowalirira pamene Vladimir Putin anayamba kuwalanda. Khodorkovsky anamangidwa mu Okutobala 2003, ndipo pofika kumapeto kwa 2004 gawo lalikulu la Yukos linali m'manja mwa Rosneft, kampani ya boma. Chuma chinabwerera ku boma, koma osati kwa anthu. Chinapita kwa kagulu ka oyandikana ndi mpando.

Apa ndi pamene nkhani ya nthambi za boma imalowa, ndipo kwa ine ndi imene ili pa phata. Boma la chikomyunizimu linali lalikulu, linali paliponse, koma ntchito imene linkaidziwa inali yolamula. Linkadziwa kuuza fakitale kuti ipange nsapato zingati. Silinkadziwa kuima pakati pa anthu awiri okangana pa malonda n'kuweruza mosakondera. Kunalibe makhoti odziwa zoyenera kuchita kampani ikalephera kubweza ngongole. Kaundula wa malo anali wosasamalidwa, popeza malo ambiri anali a boma. Ngakhale kutolera msonkho kunali kwachilendo, chifukwa kale boma linkangotapa ndalama mu akaunti ya kampani yake ku banki yake yomwe. Makampani atachoka m'manja mwake, boma linapezeka lilibe njira yopezera ndalama zolipira aphunzitsi ndi apolisi, ndipo wapolisi wosalipidwa amadzilipira yekha pa msewu. Alangizi ambiri ochokera ku Washington ndi ku Harvard ankati gulitsani msanga, malamulo adzatsatira, eni chuma atsopano adzawafuna okha. Sizinatero. Munthu amene walemera chifukwa kulibe lamulo safulumira kuitana lamulo.

M'malo ena unduna unangosintha chikwangwani n'kusanduka kampani. Unduna wa gasi wa Soviet Union unasanduka Gazprom mu 1989, nduna yake Viktor Chernomyrdin n'kukhala bwana wa kampaniyo, ndipo mu Disembala 1992 anakhala nduna yaikulu ya Russia. Ku East Germany kunachitika zosiyana: malamulo, makhoti ndi maofesi a kumadzulo anangosamutsidwira kum'mawa athunthu, pamodzi ndi oweruza, akuluakulu a maofesi ndi aphunzitsi a m'mayunivesite. Maofesi anayenda bwino msanga, koma mpaka lero anthu obadwira kum'mawa ndi ochepa pa mipando yapamwamba ngakhale m'zigawo zawo zomwe. Chinthu chimodzi chimene Ajeremani anachita chimene ndimachilemekeza n'kutsegula mafaelo a apolisi achinsinsi a Stasi. Kuyambira mu 1992, kudzera ku ofesi imene ankaitsogolera Joachim Gauck, munthu aliyense ankatha kukawerenga zimene boma linkalemba za iye.

Georgia inayesa njira ya nkhwangwa. Mu 2004 boma la Mikheil Saakashvili linachotsa apolisi apamsewu masauzande ambiri nthawi imodzi, n'kulemba atsopano pa malipiro abwinopo. Ziphuphu za pamsewu zinathadi, ndipo kutenga chiphaso kapena kulembetsa malo kunasanduka ntchito ya mphindi zochepa. Koma boma lomwelo silinafune makhoti oima paokha, ndende zinadzaza, ndipo mu 2012 kanema woonetsa akaidi akuzunzidwa m'ndende ya Gldani anathandiza kuligwetsa pa chisankho. Estonia inayenda mwakachetechete: inatengera njira ya Treuhand yogulitsa poyera kwa wopereka dongosolo labwino, inaika achinyamata m'maofesi, ndipo kuyambira mu 2001 inalumikiza makaundula a boma pa intaneti. Itaona kuti njanji imene inagulitsa mu 2001 sikuyenda monga inkafunira, inaigulanso mu 2007.

Poland ndi imene imandipatsa maganizo kwambiri. Pa mitengo ndi ndalama inathamanga: dongosolo la nduna ya zachuma Leszek Balcerowicz linayamba pa 1 Januwale 1990, ndipo linawawa. Minda ya boma inathetsedwa, midzi yathunthu ya kumpoto ndi kumadzulo kwa dzikolo n'kugwera mu ulova wa zaka zambiri. Ngakhale doko lopangira sitima la Gdańsk, kumene bungwe la ogwira ntchito la Solidarity, limene linalimbana ndi boma la chikomyunizimu, linabadwira, linagwa mu 1996. Koma pa kugulitsa makampani akuluakulu Poland inachedwa, mwa zina chifukwa mabungwe a ogwira ntchito anali amphamvu ndipo nyumba ya malamulo inkakangana pa chilichonse. Pa nthawiyo ankanyozedwa kuti akuzengereza. M'kuchedwako anakhazikitsa msika wa masheya wa Warsaw mu 1991, m'nyumba imene kale inali likulu la chipani cha chikomyunizimu, pamodzi ndi bungwe lokhwima louyang'anira. Dzikolo silinabale anthu olemera mwadzidzidzi a mtundu wa ku Russia kapena Ukraine. Lero boma likadali ndi mphamvu mu Orlen ya mafuta, KGHM ya mkuwa, banki ya PKO ndi kampani ya inshulansi ya PZU, ndipo ndi makampani opanga phindu. Nthenda yawo ndi imene ifenso timaidziwa: chipani chikalowa m'boma, mabwana ndi mabodi amasinthidwa kuti anthu ake apeze podyera.

Wina anganene kuti zonsezi ndi za ku Ulaya, zikutikhudza bwanji. Komatu dziko limodzi losiya chikomyunizimu tili nalo kuseri kwa msewu wa M1. Amene anakulira ku Dedza ndi ku Ntcheu amadziwa kuti m'malo ena ukangodumpha msewu uli ku Angónia, kwa anthu olankhula chinenero chathu chomwechi. Chipani cha Frelimo chinalengeza mu 1977 kuti chikutsatira Marx ndi Lenin. Minda ya atsamunda ku Angónia inasanduka munda waukulu wa boma wotchedwa CAIA, migodi ya malasha ya Moatize inakhala pansi pa kampani ya boma ya Carbomoc, kumene akatswiri a ku East Germany ankagwira ntchito, ndipo m'matauni munatsegulidwa masitolo a boma. Kusowa luso, kulamula alimi mokakamiza, komanso nkhondo ya Renamo imene inathamangitsira anthu pafupifupi miliyoni imodzi kuno kwathu, zinagwetsa zambiri mwa izi. Mozambique inalowa mu IMF ndi World Bank mu 1984, inayamba kusintha chuma mu 1987, ndipo mu 1989 Frelimo inasiya chiphunzitso chija. M'zaka za m'ma 1990 makampani mazanamazana anagulitsidwa: aakulu kwa akunja, ang'onoang'ono ambiri kwa anthu oyandikana ndi chipani.

Nkhani ya mtedza wa mbibu, umene kumeneko amati caju, ndi yomvetsa chisoni. Mafakitale oswa mtedzawu anagulitsidwa cha mu 1994, ambiri kwa amalonda a m'dzikomo. Chaka chotsatira World Bank inaumiriza boma kuti lichepetse msonkho wa mtedza wosaswa wopita kunja, ponena kuti alimi adzapeza mtengo wabwino. Mtedza unayamba kupita ku India, alimi anapindulako pang'ono chabe, mafakitale anatsekedwa, ndipo anthu pafupifupi 10,000, ambiri mwa iwo amayi, anataya ntchito. Mabanki awiri a boma atagulitsidwa mu 1996 ndi 1997, ngongole zinaperekedwa kwa anthu amphamvu amene sanabweze. Mtolankhani Carlos Cardoso, amene ankafufuza za kubedwa kwa madola 14 miliyoni ku BCM, imodzi mwa mabanki awiriwo, anaphedwa ku Maputo pa 22 Novembala 2000. António Siba-Siba Macuácua, wachinyamata wa ku banki yaikulu amene anatumidwa kukakonza banki inayo, Banco Austral, ndipo anasindikiza mayina a angongole m'nyuzipepala, anaphedwa m'nyumba ya bankiyo mu Ogasiti 2001. Anthu awiriwa ankagwira ntchito ya woyang'anira uja, ntchito imene boma linayenera kuikhazikitsa ndi kuiteteza lisanagulitse kanthu.

Dziko la Malawi silinakhalepo la chikomyunizimu. Kamuzu Banda ankadana nacho poyera. Koma tinali ndi ADMARC kuyambira mu 1971, MDC, Press ndi ena ambiri, ndipo mankhwala amene tinapatsidwa anachokera kwa asing'anga omwewo. Lamulo logulitsa makampani a boma linabwera mu 1996, njanji inaperekedwa kwa CEAR mu 1999, David Whitehead and Sons inagulitsidwa mu 2003, Malawi Savings Bank mu 2015, ndipo mu 2022 antchito a ADMARC anauzidwa kuti ntchito yatha kuti kampaniyo ikonzedwenso. Pa kugulitsa kulikonse mwa kumeneku panali phokoso la mtengo ndi la ogula. Kawirikawiri timathera pa kutukwana kapena kuyamikira, osafunsa mafunso otopetsa amene anthu a ku Poland anakhala nawo pansi: ndani anayeza mtengo, ndani winanso anapikisana nawo, wogula analonjeza chiyani, ndipo ofesi iti ikutsatira ngati lonjezolo lasungidwa.

Pali anthu ena amene kugwa kwa makampani a East Germany kunawapweteka kawiri, ndipo m'mabuku ambiri onena za Treuhand satchulidwa. Pa 24 Febuluwale 1979, East Germany ndi Mozambique anasainirana pangano lotumiza achinyamata kukagwira ntchito m'mafakitale. M'zaka khumi anapitako pafupifupi 20,000. Ankagwira m'migodi, m'mafakitale a nsalu, a nyama ndi a magalimoto, ndipo ankagona m'nyumba zawozawo zoyang'aniridwa. Gawo la malipiro awo linkadulidwa mwezi ndi mwezi, ndipo kuyambira mu 1986 linafika 60 pa 100 iliyonse ya ndalama zopitirira mamaki 350. Anauzidwa kuti ndalamazo akazipeza kwawo. Zoona zake n'zakuti mbali yaikulu inkawerengedwa ngati kubweza ngongole imene Mozambique inali nayo ku East Germany.

Mafakitale atayamba kugwa mu 1990, iwo ndi amene anayamba kuchotsedwa. Mwa anthu pafupifupi 15,000 amene analipo khoma likutseguka, pakutha kwa chaka chotsatira munatsala osakwana 3,000. Otsalawo anakumana ndi mkwiyo wa achinyamata atsankho: Jorge Gomondai anamwalira ku Dresden mu Epulo 1991 ataukiridwa m'sitima ya m'tauni, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho nyumba ya antchito a ku Mozambique ndi Vietnam ku Hoyerswerda inagendedwa kwa masiku angapo anthu akuombera m'manja. Obwerera kwawo anapeza dziko lili pa nkhondo, mafakitale amene anaphunzirira ntchito zake akugulitsidwa kapena kutsekedwa, ndipo ndalama zawo zambiri kulibe. Ku Maputo amatchedwa Madjermanes. Boma la Germany limati linapereka zimene linayenera kupereka ku boma la Mozambique. Boma la Mozambique linalipirako pang'ono patapita zaka, n'kunena kuti nkhani yatha. Iwo akukana. Tsopano ambiri ali ndi zaka za m'ma 60, ena anamwalira, ena anasiya ana ku Germany amene sanawaonenso, koma Lachitatu amasonkhanabe pa paki ya 28 de Maio n'kuguba m'misewu ya Maputo atanyamula mbendera za East Germany ndi mapepala awo a malipiro. Mu 2019 anakumana ndi Ajeremani owafunira zabwino ku Magdeburg n'kulemba zimene akufuna, ndipo Evelyn Zupke, amene nyumba ya malamulo ya Germany inamusankha mu 2021 kuti aziyankhulira ozunzidwa ndi boma lakale la kum'mawa, wapempha kuti alipidwe chipepeso akadali moyo.